Mpando wa miyendo inayi, miyeso itatu

Mpando ndi wovuta kujambula kuposa nkhope ya munthu. Nkhope ukaipotoza, anthu amangoti mwiniwakeyo ndi wamphuno yaikulu. Koma mwendo wa mpando ukapendama ndi mamilimita awiri okha, ngakhale mwana wa sitandade 2 amaona kuti pali chalakwika. N'chifukwa chake kwa miyezi itatu, madzulo alionse, ndinkakhala patebulo ndi pensulo yolimba ya 2H ndi lula ya masentimita 30, kujambula mabokosi okhaokha. Mpando, tebulo, kabati, zonsezi zimabadwira m'bokosi. Ukalephera bokosi, mpando usauyambe n'komwe.

Kachitidwe kake nkotere. Umalemba mzere wopingasa pepala lonse, womwe ukuimira pamene pali maso ako. Ukafuna kuti pokhalira paoneke, mpandowo uyenera kukhala m'munsi mwa mzerewo. Pamzerewo umaikapo timadontho tiwiri, kamodzi kumanzere kena kumanja, timene ojambula amatitcha vanishing point. Kenako umaimika mzere umodzi woongoka, ngodya ya bokosi yomwe ili pafupi kwambiri ndi iwe. Kuchokera pamwamba ndi pansi pa mzerewo, umakoka mizere yopita ku timadontho tija, n'kutseka bokosilo ndi mizere ina yoimirira. Pakati pa mbali iliyonse sapezeka ndi lula, chifukwa theka lakutali limaoneka lalifupi. Umalemba mtanda kuchokera ngodya ndi ngodya, ndipo pamene mizereyo yakumana ndiye pakati. Miyendo yonse inayi umaijambula ngati mpandowo ndi wagalasi, ngakhale uja wobisika kumbuyo, apo ayi umatera pamalo pamene palibe pansi.

Zonsezi ndinazidziwa, ndipo kudziwako n'kumene kunandipachika.

Akazi anga atandiuza kuti apongozi aamuna akubwera kuchokera ku Ntcheu kumapeto a mwezi, ndinayang'ana mipando yathu yapulasitiki, umodzi womangidwa ndi waya, n'kunena kuti mkamwini wodziwa kujambula sangakhazike apongozi pa zoterezi. Ndijambula mpando wanga, mmisiri aupange ndi mlombwa.

Ndinalakwitsa koyamba posankha pepala. Ndinatenga la A4, lija la makina okopera la magalamu 80, n'kuika timadontho tonse tiwiri m'kati mwa pepalalo. Timadontho tikayandikana chonchi, chinthu chimafupika mofulumira kwambiri kupita kumbuyo, ngati ukuchiona mphuno ili pa ngodya. Choyenera ndi kumata pepala patebulo ndi tepi, n'kulemba timadonthoto patebulo penipeni, masentimita 40 kapena 50 kunja kwa pepala mbali iliyonse, n'kugwiritsa ntchito thabwa lalitali loongoka m'malo mwa lula. Koma tebulo lathu linali ndi nsalu yoluka ya akazi anga, ndipo sindinafune milandu.

Pokhalira pa mpando wodyera pamakhala pafupifupi masentimita 45 kuchokera pansi, kuti pagwirizane ndi tebulo la masentimita 75. Mwendo wapafupi, wakutsogolo kumanzere, ndinaujambula wa masentimita 9, n'kulemba pambali pake mokongola kuti 1:5. Zinali zoona, koma zoona za mwendo umodzi wokhawo. M'chojambula chotere, mzere wapafupiwo ndi wokhawo umene ungayezedwe ndi lula. Ina yonse ndi bodza lokometsera maso. Miyendo iwiri yam'mbali inatuluka ya masentimita 7.8, ndipo wakutali uja unatuluka wa 6.6.

Kenako inki, gawo limene ndimalikonda. Pensulo ikakhala ya 2H ndipo sunaidinikize, imafufutika bwino pambuyo pake. Yofewa ya 2B imasiya mwaye umene inki imakana kugwirapo. Zolembera ndinali nazo zitatu za Staedtler, za nsonga za mamilimita 0.1, 0.3 ndi 0.8, za inki yosasungunuka ndi madzi. Bolopeni musaiyese, imasanza kadontho kumapeto kwa mzere uliwonse, ndipo kadonthoko kamadikira chikhatho chako.

Chinsinsi cha inki chili pa kunenepa kwa mizere. Mzere wozungulira kunja kwa mpando wonse, pamene thabwa lathera ndipo kuseri kwake kuli mpweya, umafuna 0.8. Mzere umene mbali ziwiri za thabwa limodzi zakumana ndipo zonse ukuziona, monga ngodya ya mwendo, umafuna 0.3. Mitsempha ya thabwa ndi timizere ta mthunzi ndi za 0.1, ndipo zisachuluke, chifukwa ukajambula mtsempha uliwonse wa mlombwa mpandowo umaoneka ngati wamera ubweya. Pamene thabwa lina ladutsa kutsogolo kwa linzake, mzere wa lakutsogolo unenepe, ndipo wa lakumbuyo uime pang'ono usanagunde. Kampata kakang'ono kameneko ndi kamene kamauza diso kuti ichi chili pafupi, icho chili patali. Timizere ta mthunzi tizitsata kumene mbaliyo ikulowera, kupita ku kadontho kake, ndipo tikhale mbali imodzi yokha ya mwendo uliwonse, mbali yomweyo pa miyendo yonse. Wamanja ayambe pamwamba kumanzere n'kumatsikira kumanja, wamanzere atembenuze, kuti dzanja lisadutse pa inki yaiwisi.

Palinso lamulo lina limene ndinaliwerenga koma ndinaliona ngati nthabwala. Lula ikagona mokhudza pepala, inki imalowa pansi pake monga madzi amalowera pansi pa chitseko. Mankhwala ake ndi kumata ndalama ziwiri zachitsulo kunsi kwa lulayo kuti m'mphepete mwake mukwere pang'ono, kapena kuitembenuza ngati ili ndi mbali yosongoka. Ine ndinangoigoneka. Ndikukoka mzere wa 0.8 pansi pa pokhalira kumanja, magetsi anathima. Ndinaimitsa dzanja cholembera chili papepala, kudikira ngati abwerera, ndipo pepala la magalamu 80 limamwa inki ngati thonje. Nditayatsa tochi ya pafoni n'kukweza lula, ndinapeza chimzere chakuda bii, chotsetsereka kuchoka pa mwendo wakutsogolo kukafika pakati pa wakumbuyo.

Munthu wanzeru akanayambiranso. Ine ndinali nditathera maola atatu pamenepo, ndiye ndinatenga lula n'kuchikonza chimzerecho, kuchipatsa m'mphepete mowongoka ndi mthunzi wake, mpaka chinasanduka thabwa lopingasa mopendama. Mbali imodzi yokha. Ndinadikira mphindi khumi ndisanafufute pensulo, pamenepo pokha ndinatsata lamulo, ndipo chithunzicho chinatuluka chokongola moti ndinachijambula pafoni n'kuchiika pa status.

M'mawa mwake ndinapita nacho kwa mmisiri wina wa m'mbali mwa msewu ku Ndirande, bambo wachikulire wa pensulo kukhutu. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchitembenuza chadodolido, n'kuchibwezeranso.

"Abwana, miyeso yake ili kuti?"

"Amisiri, zonse zili pomwepo. Mwaona 1:5? Muyeze papepala, muchulukitse kasanu."

"Nanga miyendoyi ikuoneka yosiyana bwanji?"

Apa m'pamene Mulungu anandipatsa mpata wopulumukira, ine n'kuukana. Ndinayamba kuwafotokozera za vanishing point, manja ali m'mwamba ngati mlaliki. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kugwedeza mutu.

"Vanishi musadandaule, abwana, timapaka kawiri pomaliza."

Ndinaganiza kuti tamvana. Ndinapereka theka la ndalama, ndipo potuluka ndinawonjezera mawu amene akazi anga amandikumbutsa mpaka lero: "Pangani monga ndajambulira, musaikepo nzeru zanu."

Sanaikepo. Mnyamata wawo anayeza mwendo uliwonse ndi tepi, kuchokera pokhalira kufika pansi, n'kuchulukitsa kasanu mokhulupirika. Wakutsogolo kumanzere masentimita 45. Wakutsogolo kumanja 39. Wakumbuyo kumanzere 39. Wakumbuyo kumanja 33. Ndipo taonani tsoka lake: 45 kuwonjezera 33 ndi 78, ndipo 39 kuwonjezera 39 ndi 78 yomweyo. Miyendo yoyang'anizana m'ngodya ikafanana chonchi poiwonkhetsa, yonse inayi imagunda pansi nthawi imodzi. Mpandowo sunkagwedera ngakhale pang'ono. Unkaima nji, ngati wakhomeredwa pa simenti. Chokhacho, pokhalira panali potsetsereka ndi masentimita 12 kuchoka ngodya ina kupita ina. Ukanagwedera, wina akanaufunsa mafunso.

Unafika pa njinga Loweruka masana, utakutidwa ndi makatoni, apongozi atakhala kale pa mpando wapulasitiki wopanda waya uja akumwa thobwa. Ndinaumasula pakhonde mwachangu. Mlombwa unali kunyezimira, vanishi wapakidwa kawiri monga tinapanganira. Thabwa langa la inki yotayika linalipo ndithu kumanja, lolowetsedwa bwino m'mabowo ake ndi guluu, ntchito yaukhondo kwambiri pa mpando wonsewo. Ndinaona kuti wapendama, koma ndinali nditayang'ana chithunzi chija kwa masabata awiri, ndiye maso anga anangoti ndi mmene mipando imaonekera ukaima pangodya. Sindinadzifunse chifukwa chake unkaoneka chimodzimodzi ngakhale nditaima mbali ina.

Ndinaunyamula ndi manja awiri, n'kuwerama.

"Bambo, khalani apa. Ndinaujambula ndekha."

Apongozi anaika kapu pansi, n'kukonza jekete, n'kukhala mwaulemu wonse wa munthu amene wakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri. Buluku lawo linali la nsalu yoterera, vanishi anali watsopano. Sanagwe nthawi imodzi ayi. Anayamba ulendo pang'onopang'ono, kulowera kumbuyo chakumanja, nkhope ili phee, akundiyang'anabe m'maso. Mwendo wawo wamanzere unanyamuka wokha. Anagwira chotsamira, koma nachonso chinali chojambulidwa ndi ine, chachitali mbali ina, chachifupi mbali inayo. Anathera pakati pa mpando ndi khoma, chipewa chili pamaso, nsapato imodzi italoza kudenga.

M'nyumba munali zii. Tadala, mwana wathu wa zaka zinayi, ndi amene anayamba kuwomba m'manja n'kunena kuti agogo abwerezenso.

Titawadzutsa n'kuwasasa fumbi, anauzungulira mpandowo kawiri, manja kumbuyo. Anaugwedeza, sunagwedere. Anagogoda thabwa lopendama lija ndi chala.

"Bambo a Tadala, ku Ntcheu tili ndi mapiri, koma sitikhala potsetsereka dala. Kodi mwatopa nane ndisanagone n'komwe?"

Lolemba ndinabwerera ku Ndirande nditakwiya, mpando uli pamutu pa wa njinga. Mmisiri sanalankhule zambiri. Anatulutsa pepala langa, lomwe analisunga mu pulasitiki ngati chiphaso cha ukwati, n'kuika tepi pa mwendo uliwonse ine ndikuona. Kenako anatenga kachidutswa ka pulaiwudi n'kujambulapo ndi pensulo yakukhutu ija zithunzi zitatu zosakongola konse: mpando ukauona chakutsogolo, ukauona cham'mbali, ndi ukauona kuchokera pamwamba. Palibe kadontho, palibe mthunzi, mizere yonse yofanana kunenepa, koma paliponse pali nambala. Pokhalira 45 kuchokera pansi, 42 mulifupi, 42 kulowa m'kati, chotsamira 90 kuchokera pansi, miyendo 4 kwa 4.

"Icho chanucho, abwana, n'choonetsa akazi anu kuti avomere ndalama. Ichi ndiye chopatsa ine."

Ndinafunsa ngati tingadule miyendo yonse kuti ifanane ndi wa 33. Anati tingathe, koma pokhalira anapakhoma kale mopendama, ndiye kuwongola n'kuphwasula mpando wonse, ndipo mabowo a m'miyendo anabooledwa motsata kupendamako. Mtengo wake unali wa mpando watsopano. Ndinalipira watsopanowo, wojambulidwa pa pulaiwudi, ndipo apongozi anakhalapo masiku awiri omaliza, koma nthawi iliyonse ankayamba aukankha ndi dzanja n'kuyang'ana kumene kuli khoma.

Woyamba uja uli kuseri kwa khitchini. Akazi anga anakhomera kathabwa m'mphepete mwake ndipo amayanikapo mbale. Akuti madzi onse amatsikira kungodya imodzi, kumene anaikako chitini cha maluwa, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana nafe wafunsa kale kawiri ngati ndingamujambulire wake.