Kulondola makolo a William Bradford m'mabuku a tchalitchi

Wophunzira mbiri ya Angerezi oyamba kukakhala ku Plymouth, ku America, amapunthwa msanga pa chaka chimene William Bradford, amene anadzakhala bwanamkubwa wawo, anabatizidwa. Buku la tchalitchi cha St Helena m'mudzi wa Austerfield ku Yorkshire limasonyeza 19 Malichi 1589, pomwe mabuku a masiku ano amalemba 1590. Onse akulondola. Ku England chaka chatsopano chinkayamba pa 25 Malichi, ndipo zinasintha mu 1752, kotero masiku onse kuyambira 1 Januwale kufika 24 Malichi ankawerengedwa m'chaka chakale. Ndiye chifukwa chake ofufuza amalemba 1589/90. Ukaiwala zimenezi udzapeza khanda lobatizidwa mu Disembala 1589 litaikidwa m'manda mu Febuluwale 1589, n'kuyamba kuganiza kuti anali ana awiri. Komanso tsiku la m'bukumo ndi la ubatizo, osati lobadwa.

Msampha wina ndi dzina. Agogo ake anali William, bambo ake William, iyenso William, ndipo mwana wake wobadwa mu 1624 anamutchanso William. Owasiyanitsa amadalira buku la maliro, mawilo (makalata ogawira chuma cha masiye), dzina la mkazi ndi ntchito ya munthuyo. Bambo a William wobatizidwa mu 1589/90 uja anamwalira mu 1591, iye ali wa chaka chimodzi. Mayi ake, Alice Hanson, anakwatiwanso ndipo anamwalira mu 1597, agogo aamuna atatsogola kale, mwanayo n'kutsala m'manja mwa abale a bambo ake, alimi.

Funso lenileni ndi ili: tidziwa bwanji kuti khanda la ku Austerfield ndi munthu yemwe uja anakwera sitima yapamadzi ya Mayflower kupita ku America mu 1620 pakati pa anthu 102? Kufanana dzina si umboni. Chomangirira ndi kalembera wa ukwati ku Amsterdam mu 1613, pamene ankakwatira Dorothy May. Alembi a ku Holland ankafunsa kwawo kwa munthu, zaka zake ndi ntchito yake, ndipo Bradford anatchula Austerfield, zaka 23, woomba nsalu wokhala ku Leiden. Chotsani 23 pa 1613, mupeza 1590. Mudzi, zaka ndi dzina zikagwirizana chonchi, m'pamene ungalembe ndi cholembera osati pensulo. Chenjerani pawiri apa: alembiwo ankalemba mayina a Chingerezi momwe khutu lawo lamvera, ndipo kalendala ya ku Holland inali patsogolo pa ya ku England ndi masiku 10.

Za ulamuliro wake n'zosavuta kupeza. Analowa m'malo mwa bwanamkubwa John Carver mu 1621, anatsogolera Plymouth zaka pafupifupi 30, namwalira pa 9 Meyi 1657.

Kumene mizere yambiri ya makolo ya pa intaneti imasokonekera ndi kwa akazi, poti Angerezi amatsata dzina la bambo ndipo la mkazi limasintha pa ukwati uliwonse. Dorothy anamira m'madzi ku Cape Cod mu Disembala 1620. Mkazi wachiwiri, amene anamukwatira mu Ogasiti 1623, amatchedwa Alice Southworth, koma limenelo ndi dzina la mwamuna wake woyamba, Edward; makolo ake uwafune pa dzina la Carpenter. John ndi mwana wa Dorothy. William, Mercy ndi Joseph ndi a Alice. Constant ndi Thomas Southworth ndi ana owapeza, ndipo wochokera kwa awiriwa alibe magazi a Bradford.