Ulendo Wathu wa ku Washington ndi Mkangano wa Sitima ya Khofi

Tinanyamuka ku Indiana Lachisanu madzulo, ndipo titayenda usiku wonse tinalowa mu Washington kukucha, maso ali psuu koma mitima ili mmwamba, chifukwa mlandu wa sitima zogwidwa pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, umene tinauwerenga miyezi itatu m'chipinda cha a Tcheya tsopano tinali kukaona pamene unaweruzidwira.

Pachipata cha Capitol, nyumba imene mumakumana Congress (nyumba ya malamulo ya ku America), tinauzidwa kuti chakudya ndi zakumwa sizilowa, pamene Mayi Msungichuma anali atanyamula mandasi odzaza beseni ndi mafulasiki awiri a tiyi. Achimwene athu amene amayendetsa minibasi anadzipereka kutsala panja ndi katunduyo, ndipo tiwathokoze pano pamaso pa onse, pakuti anakhala pa mphepo maola awiri osadandaula.

Tinaonetsedwa chipinda chakale cha Senate, gawo limodzi la Congress, mmene Khothi Lalikulu linkakhala kuyambira 1860 mpaka 1935. Pa 19 April 1861, patangopita masiku ochepa linga la boma la Fort Sumter litaomberedwa ndi asilikali a zigawo za kummwera zimene zinagalukira boma, Pulezidenti Lincoln analamula kuti madoko a kummwera atsekedwe, pamene Congress inali isanakhale pansi kuvomereza nkhondo. Sitima zinagwidwa, ndipo eni ake a Amy Warwick, Hiawatha, Brilliante ndi Crenshaw anadandaula kuti malamulo oyendetsera dziko amapereka mphamvu yolengeza nkhondo kwa Congress yokha. Pa 10 March 1863 oweruza asanu anaikira kumbuyo Lincoln ndipo anayi anakana.

Nkhani inakula pa nkhomaliro, titakhala pa kapinga ndi mandasi aja atazizira. A Mlembi anakhala kumbali ya woweruza Samuel Nelson, mmodzi wa anayi okana aja, amene ananena kuti nkhondo yololeza kulanda katundu inayamba pokhapokha Congress itapanga lamulo pa 13 July 1861. A Mlembiwo anakumbutsa kuti Amy Warwick inkachokera ku Rio de Janeiro itanyamula khofi wa amalonda a ku Richmond, ndipo anafunsa kuti munthu angalandidwe bwanji chuma chake chifukwa cha mudzi umene amakhala. A Tcheya anayankha ndi mfundo ya woweruza Robert Grier, mmodzi wa asanu aja, yakuti nkhondo ikakufika pakhomo umalimbana nayo mmene yabwerera, osadikira kuti Congress iyambe yaibatiza ndi kuipatsa dzina. Mawu anakwera mpaka Agogo athu anagogoda chivundikiro cha fulasiki kuti tilankhule mmodzimmodzi, ndipo kuyambira tsikulo a Mlembi tikuwatchula kuti a Nelson.

Ine ndinali kumbali ya a Tcheya, chifukwa nyumba ikamapsa sudikira msonkhano wa banja kuti utunge madzi. Komabe funso la a Mlembi linandikhala pamtima ulendo wonse wobwerera, pakuti mphamvu imene mtsogoleri amaitenga pa nthawi ya ngozi sabweza msanga, ndipo amene anataya khofi uja analandidwa osati chifukwa chogwidwa ndi mfuti m'manja, koma chifukwa khothi linati dera lawo ndi la adani.

Tikuthokoza amayi amene anakazinga mandasi usiku wa Lachinayi, abambo amene anasonkha ndalama za mafuta, ndi a Nelson amene alonjeza kutibweretsera maganizo otsutsa a oweruza anayi aja onse kuti tiwawerenge pa msonkhano wa mwezi wamawa.