Nyenyezi yothawa pamwamba pa phiri la Dedza

Dzulo madzulo tikuwotha moto panja, chisanu cha Juni chitatikwana, mdzukulu wanga analoza kumwamba: "Agogo, nyenyezi ija ikuthawa!" Ndithudi, kadontho kowala kankadutsa pamwamba pa phiri, kosaphethira ngati ndege. Ndinamuuza kuti imeneyo ndi International Space Station, siteshoni yopangidwa ndi anthu youluka mumlengalenga, ndipo m'katimo muli anthu.

Imauluka makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, n'kuzungulira dziko lonse pa mphindi 90 zokha. Dzuwa limawatulukira ka 16 pa tsiku. Tambala wathu akanasokonezeka mutu.

Koma amene amandizunguza ine ndi dokotala wa ku Russia, Valeri Polyakov. Anakhala masiku 437 mumlengalenga, pa siteshoni ina yakale yotchedwa Mir, kuyambira 1994 mpaka 1995. Ife tabzala mbatata ya kachewere, takumba, tagulitsa pa Bembeke, tabzalanso, munthu adakali komweko! Kumeneko thupi sililemera, ndiye mafupa ndi minofu zimafooka. A pa siteshoni ya lero amalimbitsa thupi maola awiri tsiku lililonse.

Nditanena kuti mkodzo amausefa n'kumwanso, mwanayo analavula n'kuthawira m'nyumba. Mbatata yake inapserera pamoto.