Zikomo nonse amene munandiletsa kuba mwana wa gwape

Abale ndi alongo, ndabwera kudzathokoza. Kamwana ka gwape kaja kali moyo ndipo kapita ndi mayi wake. Ife tagona tulo tabwino koyamba chiyambire Lachiwiri.

Amene nkhaniyi inakuphonyani: Lachiwiri m'mawa ndikufuna kutchetcha kapinga kuseri kwa nyumba kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndinangoona kanthu kamawangamawanga katadzipinda m'tsinde mwa mpanda. Ndi agwape a kuno aja a mchira woyera kunsi, amene amaswa mu Meyi ndi Juni. Kanali kochepa, mwina makilogalamu 3, kali zii, osagwedeza ngakhale khutu. Mumtimamu ndinati basi, mayi wake wagundidwa ndi galimoto. Ndinathamangira kusitolo, botolo la mwana ndi mkaka wa ng'ombe m'manja, ndikudziona ngati mpulumutsi.

Ndiyambe ndi agogo oyandikana nafe. Anandipeza ndikufunditsa mkakawo, nangoti, "Mwanangu, kasiye, mayi wake akukuonera patali." Ndinawayankha mwaulemu, koma pansi pa mtima ndimati nkhalambayi ilibe chisoni. Agogo, mundikhululukire.

Kenako mayi uja wosamalira nyama zakutchire, amene ndinapeza nambala yake pamndandanda wa anthu a chilolezo wa Indiana DNR, nthambi ya boma yoona zachilengedwe kuno. Mayi, munandipirira pafoni katatu konse. Ndinu munandiuza kuti gwape amabisa dala mwana wake n'kupita kukadya kutali, chifukwa kamwanako fungo lake n'lochepa ndipo mawanga aja amakabisa m'udzu, pamene mayi akakhala pafupi amangoitana zilombo. Amabwera kudzayamwitsa kangapo kokha patsiku, kawirikawiri m'bandakucha ndi chisisira. Munati mkaka wa ng'ombe ukanakatsegula m'mimba mpaka kukapha, komanso kusunga gwape pakhomo popanda chilolezo ndi mlandu. Munandiuzanso zoti ndiziyang'ana: ngati kakulira osalekeza kwa maola ambiri, ngati nsonga za makutu zapindika chifukwa chosowa madzi m'thupi, ngati ntchentche zakaunjirira, kapena kagona cham'mbali miyendo itatambasuka. Zonsezi kanalibe. Mwana wanga wamkazi ataulula akulira kuti anakasisita pamsana, munamutonthoza kuti gwape sataya mwana wake chifukwa cha fungo la munthu.

Kudikirako ndiye kunali kowawa. Kuona kamwana kali kokha, mvula ikuwaza, iwe uli pawindo manja m'thumba! Galu wathu tinamutsekera m'nyumba masiku atatu, ana osasewera kuseri, ndipo onse anapirira. Mayi a kunyumba, zikomo pondibisira botolo lija Lachitatu usiku. Munandidziwa kuti ndikanagonja.

A pagulu lathu la WhatsApp, zikomo chifukwa cha mapemphero, ngakhalenso inu amene mumati ndiwo yabwera yokha pakhomo. Mayina anu ndawasunga. Amayi anga ku Dedza anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandikumbutsa za kagwape kamene tinatola kumunda ndili mnyamata n'kumakamwetsa phala, kosatha sabata. Zaka zonsezi ndimayesa kanali kamasiye. Gwape wa kwathu naye amabisa mwana wake m'tchire chimodzimodzi. Usiku umenewo sindinadye bwino.

Lachisanu cha m'ma 5 koloko m'mawa, mayi wake analumpha mpanda, n'kulira motsitsa. Kamwana kanadzambatuka, miyendo ili njenjenje, kakuyamwa uku kamchira kakuvina. Ndinakatsegula chitseko cha mpanda mwakachetechete n'kubwerera m'nyumba. Akutuluka, tinaona kamwana kena kakudikira patsidya, kuseri kwa zitsamba za agogo aja. Kani anali mapasa, kalikonse kobisidwa pakepake.

Agogo, kapinga wanu nayenso watalika. Ndibwera Loweruka ndi makina anga, koma tiyamba tayendera udzu wonse ndi maso.