Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Malezala awiri a malume

Gawo lapitalo ndinalekeza nditangopeza ntchito pa kagalaja kena kunja kwa mzinda wa Thunder Bay, mayi akunyumba atayamba kale sukulu yawo. Mwini galajayo anali mdala wina amene makolo ake anachokera ku Finland, monga alili anthu ambiri mumzindawu. Anali munthu wosayankhulayankhula, wa zala zonenepa ngati chinangwa. Ntchito anandilemba chifukwa ndinamuuza kuti injini za two-stroke, zija zowotcha petulo pamodzi ndi oyilo, ndinazidziwira kwathu ku Senga Bay, kwa malume anga amene ankakonza injini za maboti a asodzi a usipa. Sindinaname ayi. Kuyambira ndili Sitandade 6 ndinkatsuka makabureta a Yamaha Enduro m'chitini cha petulo pansi pa mtengo wa mango, malume ali pambali kundikalipira kuti ndisataye timasipuling'i mumchenga.

Nyengo yotentha yonse tinkakonza makina ochekera mitengo ndi injini za maboti, zinthu zoti ndinkazigwira ngakhale nditatsinzina. Sinowo itagwa mu Novembala, pabwalo panadzaza ma snowmobile. Kwa amene simunaionepo, ndi ngati njinga yamoto yopanda matayala: kutsogolo kuli timiyendo tiwiri totsetsereka, kumbuyo kuli chilamba cha labala chokhala ndi mano. Eni ake amangoti sled. Zambiri zobwera kwa ife zinali Ski-Doo, zimene Joseph-Armand Bombardier anayamba kupanga ku Valcourt m'chigawo cha Quebec mu 1959, ndipo injini zake ndi za Rotax, zochokera ku Austria. Nditavundukula yoyamba ndinamva ngati ndakumana ndi mbale wanga kuchilendo. Mulibe mavavu, mulibe kamushafuti, mabowo okhaokha m'khoma la silinda, ndi fungo lomwe lija la oyilo wopsa limene limadzaza gombe m'mawa asodzi akamabwera kuchokera kokoka chilimira.

Ndinayamba kudzimva, ndisabise.

Mu Januwale munthu wina anabweretsa Ski-Doo ya mtundu wa MXZ, ya injini ya 600 HO kuti tiikemo mapisitoni atsopano. Masilinda ake tinali titawatumiza kuti akawakutenso ndi Nikasil, kachitsulo kolimba kopyapyala kamene amamata mkati mwa silinda ya aluminiyamu, ndipo anabwera akunyezimira ngati galasi. Tsiku lomanga, mdala anapita kukachotsa dzino, n'kundisiyira ntchitoyo. Ndinagwira mosamala kwambiri. Kamuvi ka pamwamba pa pisitoni ndinakalozetsa ku ekizozi. Kapini ka mu mzere wa ring'i (kamkombero kachitsulo kovekedwa pa pisitoni kuti mpweya usathawe) sindinakaiwale, chifukwa malume ankati ukakaphonya kapini kameneko wapha injini ya mwini: pa two-stroke ring'i siyenera kuzungulira, apo ayi nsonga zake zimakodwa pa bowo la ekizozi n'kuthyoka. Polowetsa pisitoni ndinamva kuti maring'i athina, mtima wanga n'kuti mbee. M'mutu mwanga, ring'i yothina inali kompulesheni, ndipo kompulesheni inali mphamvu. Feeler gauge, timasamba tachitsulo toyezera mipata, inali mu dirowa pomwepo, koma ine ndinkaidziwa ngati chida choyezera mapulagi basi.

Ndinakoka chingwe kawiri, injini n'kulira. Mwini wake anaitenga Lachisanu ali kumwetulira.

Loweruka anapita nayo ku Lac des Mille Lacs kokawedza nsomba pa madzi ouma, kuzizira kuli pa 28 pansi pa ziro. Atayenda makilomita ochepa pakati pa nyanjayo, injini inagwira, zii. Anayenda wapansi m'sinowo yofika m'mawondo mpaka msodzi mnzake anamupeza n'kumukoka. Kwathu boti likafa pakati pa nyanja umatenga nkhafi n'kupalasa, kapena kudikira anzako akudzere. Kuno munthu angathe kuduka zala ndi chisanu, kapena osabwerako n'komwe. Zimenezi ndinazimvetsa Lolemba, nditaona nkhope ya bamboyo.

Mdala sanakalipe. Anamasula mutu wa injini mwakachetechete, ine ndili chiimire pambali ngati mwana wogwidwa ndi ndiwo m'kamwa. Silinda ya kumanja inali ndi mizere yakuya kuchokera pamwamba mpaka pansi, Nikasil watsopano uja atasupuka, ring'i itathyoka zidutswa zitatu, m'mphepete mwa pisitoni mutagumuka. Ndinayesa kudzipulumutsa. Ndinati mwina mwiniwakeyo sanaidikire kuti itenthe, chifukwa ndinali nditamva kale kuti ukangoliza sled m'chisanu n'kuiponda, pisitoni imafufuma msanga silinda isanatenthe, n'kugwira. Mdala anatembenuza pisitoni ija n'kundionetsa thupi lake. Anati injini yogwira chifukwa chosatenthetsa imasiya zipsera zinayi, ngodya zinayi za pisitoni. Iyi inalibe. Kenako anachotsa ring'i ya silinda inayo, imene inapulumuka, n'kuika nsonga zake pansi pa nyale. Nsonga zonse ziwiri zinkawala ngati zapukutidwa ndi polishi. Zinali zikugundana.

Anailowetsa ring'iyo yokha m'silinda, n'kuikankhira pansi pang'ono ndi pisitoni yozondotsa kuti ikhale mowongoka, osapendekeka. Anatenga feeler gauge n'kuyamba kulowetsa timasamba take pa mpata wa pakati pa nsonga ziwirizo. Ka 0.010 kanakana. Ka 0.008 kanakana. Kamene kanalowa ndi ka 0.006 inchi.

Masamu ake anandilembera pa chikatoni cha mapulagi, ndipo chikatonicho ndikadali nacho. Silinda ya 600 HO ndi ya mamilimita 72 m'mimba mwake, ndiye kuti ring'i mutaiwongola ingatalike pafupifupi mamilimita 226. Chitsulo chotalika choncho chikatentha ndi madigiri 100 chimawonjezera pafupifupi 0.27 milimita. Ring'i ili pafupi ndi moto, imatentha msanga. Khoma la silinda likuziziritsidwa ndi madzi, ndipo madziwo pa sled amadutsa m'zitsulo za pansi pa mpando, pamene chilamba chija chimaponyerapo sinowo nthawi zonse. Ndiye ring'i ikukula, silinda ikuchedwa. Ine ndinasiya 0.006 inchi, amene ndi 0.15 milimita chabe. Mpata utatha, ring'i inalibenso kopita koma kukanikiza khoma, kukokolola oyilo, kukanda, mpaka kuthyoka. Lamulo la pakamwa la amakaniko kuno ndi lakuti pa inchi iliyonse ya kukula kwa silinda usiye osachepera 0.004 inchi. Mamilimita 72 ndi mainchi 2.83, ndiye kuti 0.011 ndiye poyambira penipeni. Mdala pa injini imeneyi ankafuna 0.016, ndipo ankati buku la injini kapena kapepala kobwera ndi pisitoni kakanena zina, tsatira zimenezo osati za m'mutu mwako.

Ndinafunsa ngati mpata waukulu sutaya mphamvu. Anati umatayadi pang'ono, mpweya wina umathawira pansi, koma injini yotaya pang'ono imakufikitsa kunyumba.

Kupala ring'i ndi ntchito ya munthu wosapupuluma. Ankamanga tupa yosalala pa vayisi, n'kugwira ring'i ndi manja awiri, n'kupala nsonga imodzi yokha, kuchokera kunja kulowera mkati kuti chikuto cha pamwamba pa ring'i chisabenthuke. Kupala katatu, kupukuta, kubwezera m'silinda, kuyeza. Kupalanso kawiri, kuyezanso. Ukapitirira palibe kubweza, ring'i imeneyo yapita. Pa two-stroke pali vuto linanso: nsonga zimakhala ndi kamphako kokhalira kapini kaja, ndiye ukapala mosaganiza kamphakoko kamachepa, ring'i n'kukwera pa kapini m'malo mokazinga. Ankaiyesa pa pisitoni, kuifinya ndi zala, kuona ngati nsonga zikutsekeka bwino kapini kali pakati. Pomaliza ankadutsitsa kamwala konolera m'mphepete kuchotsa tizitsulo totsalira. Ring'i iliyonse inkayezedwa m'silinda imene ikakhalemo, ndipo akaiyeza ankailemba ndi cholembera kuti isasinthane ndi inzake.

Pali anthu amene amalimbikira kuti maring'i atsopano amabwera opala kale, kuyeza n'kutaya nthawi. Nthawi zambiri amakhoza ndithu. Kungoti fakitale siinaione silinda yako, makamaka ngati yangokutidwa kumene, ndipo kuyeza kumatenga mphindi ziwiri. Ndalama zokutiranso silinda ija mdala analipira yekha, sanandidule pa malipiro. Chilango changa chinali chakuti ring'i iliyonse yolowa pa galajapo mpaka Malichi ndinkayeza ndine, iye atakhala pa mpando akumwa khofi.

Lamlungu lotsatira ndinaimbira malume pa WhatsApp. Kuno kunali m'mawa, kwathu dzuwa litapendeka, ndipo ndinkamva ana akusewera kugombe. Ndinawafotokozera zonse, komanso ndinali ndi kamtima kowadandaulira. Ndinati, "Malume, zoyeza mpata wa ring'i bwanji simunandiphunzitse? Azungu kuno amayeza."

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mwana iwe, malezala awiri amene ndinkasunga m'kabokosi ka machesi unkati ndi ometera ndevu?"

Ndinakhala kaye chete. Malezalawo ndinkawakumbukira bwino lomwe. Ndinkawaona malume akulowetsa ring'i m'silinda, n'kutenga malezala awiri ophatikiza n'kuwasisitira pamenepo, ine n'kumaganiza kuti akupala mwaye. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pambali pawo, sindinafunsepo, iwonso sananenepo. Anati malezala awiri akakana kulowa ankapala ring'i pa mwala wonolera mipeni, ndipo atatu akalowa mosavuta ankauza mwini boti kuti silinda yatha, ayambe kusunga ndalama.

Lolemba ndinagula paketi ya malezala akale aja a mbali ziwiri n'kupita nawo kuntchito. Mdala anayeza lezala limodzi ndi maikiromita, chida choyezera kukhuthala kwa chitsulo: 0.004 inchi. Awiri, 0.008. Silinda ya Enduro 15 ndi ya mamilimita 56, mainchi 2.2, ndipo pa lamulo la 0.004 lija zikutuluka pafupifupi 0.009. Mdala anayang'ana malezalawo nthawi yaitali, n'kuwaika mu dirowa momwe munali feeler gauge.

Ndinawaimbiranso malume kuwauza kuti ndiwatumizira feeler gauge yeniyeni munthu akamabwera kumudzi.

"Chimenecho usavutike nacho," anatero. "Malezala ndili nawo. Unditumizire magalasi a maso, mpatawo sindikuuonanso bwino masiku ano."