Dzino lija lazulidwa, zikomo alamu

Abale dzino lija lachoka lero. Ndikulemba tsaya likadali lolemera ndiye pena pakapanda kumveka mungondimvetsa.

Mukudziwa mmene ndavutikira, kugona chokhala, panado ndi bulufeni osathandiza, adyo ndinaikapo mchere ndinaikapo koma za kuchipatala ndimakana. Kuzulako sindimaopa kwenikweni, chimandithetsa nzeru ndi jakisoni wa mkamwa uja. Pamkono ndimapirira koma singano mu usinini? Ndiye ena munawonjezera moto, uyu amvekere ukabayidwa pakamwa pamakhota mpaka kalekale, uyo akuti mtima umaima pampando pompo.

Alamu anga, akazi a achimwene, ine ndilibe mawu. Munasiya tomato wanu pamsika mmanja mwa mwana, kuchoka ku Chinamwali mmamawa kudzanditenga ku Chikanda, mwangofika nkuti alamu valani nsapato tizipita, zokambirana palibe. Ulendo woyamba akuchipatala anatibweza ndi amoxicillin poti panali potupa, akuti pamene pali mafinya mankhwala a dzanzi sagwira bwino. Ine mumtima ndinati basi ndapulumuka, koma inu kutupa kutangophwa munabweranso pakhomo, mpaka kundikakamiza tiyi ndi mbatata kuti ndisakakhale pampando ndi njala.

Adokotala a mano aja Mulungu awadalitse. Anayamba afunsa za BP, shuga, ngati pali mankhwala amene amandiwenga, kenako nkundiuza kuti mankhwala a dzanziwo ndi lignocaine ndipo muli adrenaline pang'ono woti dzanzi likhalitse komanso magazi asatuluke ambiri, ndiye mtima ukathamanga kwa kanthawi ndisadabwe. Unathamangadi, ine kufinya dzanja la alamu mpaka chibangili chinawadinda pamkono, iwo osadandaula, kumangoti pumani alamu pumani. Kubayako kunali ngati kulumidwa ndi linthumbu, kuwawa kwake kosafika ndi pa theka la usiku umodzi wa dzino lija. Poti linali la mmunsi kumapeto anabaya mkati kwambiri pafupi ndi mtsempha wa nsagwada, mlomo ndi lilime mbali imodzi zonse zii. Pozula ndimangomva kukankha ndi kugwedeza, ululu ayi.

Akuti dzanzi litha lokha pakapita maola 2 kapena 3, pena kuposerapo, ndisadzilume mlomo, zotentha ayi, kuchukucha mkamwa lero ayi, madzi ofunda a mchere ndiyambe mawa. Thonje ndinaluma njira yonse pakabaza, alamu ali pa ina kumbuyo kumakuwira wakabaza wanga kuti aziyenda pang'onopang'ono.

Amayi a mpingo amene mumandipempherera zikomo, Ambuye akukumbukireni. Inu a nkhani zoopseza aja, amene ngakhale kamesegi koti wadzuka bwanji sikanabwere, pakamwa panga pali bwinobwino, mubwere mudzaone.

Alamu, phala la mgaiwa mwaliziziritsa lija ndamwa lonse. Ya kabaza ndikubwezerani mwezi ukatha ndipo musayerekeze kukana.