Boti la V-drive lakale musaligule lili pamtunda

Anzanga a pa Zomba pano amene mukusirira maboti a injini ogwirapo kale ntchito, makamaka a V-drive aja, ndinenepo kaye. Injini yake imakhala kumbuyo mkati mwa boti, mphamvu imapita kutsogolo ku giyabokosi kenako shafti nkubwerera chapansi kukafika ku propela, ndiye kachinthu kakangopindika pang'ono boti lonse limanjenjemera.

Wogulitsa akamati ingoyilizani mumve ili pa trela, kanani, lilowe m'madzi basi. Onjezani moto pang'onopang'ono, kunjenjemera kukamakula limodzi ndi liwiro nthawi zambiri ndi propela kapena shafti yopindika, mwinanso injini sinakhale mzere umodzi ndi shafti. Kukamamveka giya ili pa nyutulo ndiye vuto ndi injiniyo kapena ma mounting, omwe amamangirira injini ku boti, atha. Onaninso oyilo wa giyabokosi, akaoneka ngati mkaka mwalowa madzi, pamenepo mtengo utsike ndithu.

Pa rivesi limakokera mbali imodzi, ndi chibadwa chake chimenecho musatekeseke, koma chiwongolero chikamasewera funsani bwinobwino.

Ndiye mukafuna kumaliyendetsa pa Chilwa aaa ganizani kawiri. Propela ndi rada, chitsulo chokhotetsera boti chija, zili pansi pa boti, sizikwezeka ngati outboard, injini zopachika kumbuyo kwa boti zija timaziona pa Kachulu, nyanja ija ndi yosaya komanso matope okhaokha, 2018 tinaona tonse mmene inaphwera. Ine bola kukaliyesera ku Mangochi komwe kuli madzi akuya, mutengenso makaniko wanuwanu, osati wobwera ndi mwini boti.